ZA ULIMI: Deliya Ndi Manyowa a M'dimba, Si a Munda Wonse

Masiku ano munthu akamayenda pa mseu wa Midima kuchokera ku Limbe kudza kuno ku Mikolongwe, maso ache amaona chikasu mbali zonse ziwiri. Deliya wachita maluwa. Ali m'mbali mwa mseu, ali m'malire a minda, ali m'mphepete mwa mitsinje, ndipo pena watalika kupambana munthu woimirira atakweza dzanja. Ana a sukulu amathyola maluwa ache nasewera nawo pa njira, njuchi zili piringupiringu pamenepo, koma akulu ambiri amangomuyesa tchire lachabe loyenera kutentha mwezi wa September.

Ndafuna kukamba za iye mlungu uno chifukwa cha bambo wina amene anandiimitsa pa njira ndili pa njinga. Iyeyu ali ndi ekala imodzi ya chimanga, ndipo monga tonse tidziwa, mtengo wa feteleza wakhala wowawa makamaka chiyambire November 2023 pamene kwacha inatsika mphamvu. Anati kwa ine, "Alangizi, ndamva kuti deliya ndi feteleza waulere. Tsono chaka chino sindigula thumba ai, ndingodula deliya ndi kukwirira m'mizere. Kodi inu mukuti bwanji?" Ndinatsika pa njinga, chifukwa funso lotere siliyankhika munthu phazi lili pa pedulo. Zimene anamvazo si zabodza, koma akadazitsata monga anaganizira, banja lache likadagona ndi njala. Ndipo ndidziwa kuti alipo ena ambiri amene ali ndi maganizo omwewo, nchifukwa chache ndalemba pano zimene tinakambirana.

Poyamba timdziwe mwini wacheyo. Deliya si wa kuno kwathu ai. Kwao ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo ku America, ndipo anafalikira m'maiko otentha ngati duwa lokometsera pakhomo, kenaka anathawa m'mipanda nalowa m'tchire. Ali pa chibale ndi mpendadzuwa, ndi chisoso chimene timadya, ndi futsa wowawa uja. Mukatenga duwa lache limodzi ndi kuling'amba pakati mudzaona kuti si duwa limodzi konse, koma timaluwa tambirimbiri tothithikana pamodzi, monga momwe ulili mutu wa mpendadzuwa. Kaduwa kali konse kapakatipo kamabala njere yache. Mukumbukire chimenechi, pakuti tidzabwererako.

Tsono ubwino wache uli m'masamba. Akatswiri a za nthaka, makamaka a bungwe la ICRAF amene anagwira nchito ndi alimi a kumadzulo kwa Kenya m'zaka za m'ma 1990, anapima masamba amenewa napeza kuti ali ndi chakudya cha mbeu chochuluka kuposa masamba a zitsamba zambiri. Pa makilogalamu 100 a masamba ouma pali makilogalamu 3 ndi theka a naitirojeni, ndiwo mchere uja umabiriwitsa chimanga, umene timagula m'thumba la urea. Palinso makilogalamu 4 a potaziyamu, wolimbitsa phesi ndi kukometsa zipatso. Koma fosifolasi, mchere wokulitsa mizu, safika ndi theka lomwe la kilogalamu. Chinanso chokoma nchakuti masamba ache ndi ofewa, saumirira m'nthaka monga mapesi a chimanga kapena udzu. Mukawakwirira m'dothi lachinyezi, pakutha pa milungu iwiri kapena itatu ambiri amakhala ataola, ndipo mbeu yayamba kale kudya. Kufikira pamenepa bambo uja sanalakwe.

Koma tiyeni tiwerenge, pakuti ulimi wosawerenga umapweteka. Thumba la urea la makilogalamu 50, limene ambiri a ife timathira pa ekala imodzi, lili ndi makilogalamu 23 a naitirojeni. Kuti mupeze naitirojeni wofanana ndi ameneyo m'masamba a deliya, mufunika makilogalamu 650 a masamba ouma. Ndipo masamba awisi ndi madzi okhaokha: mukayanika makilogalamu 5 kapena 6, chotsala ndi kilogalamu imodzi. Ndiye kuti masamba awisi ofunikawo akuyandikira matani 4. Mtolo umene mai wamphamvu angasenze pamutu kuchokera kumseu tinene kuti ndi makilogalamu 25. Imeneyo ndi mitolo 150, kulowa m'malo mwa thumba limodzi lokha.

Ndinamfunsa bambo uja kuti, "Kodi mitolo 150 imeneyi adzasenza ndani, ndipo liti?" Pakuti chimanga chimafuna chakudya chimenechi mwezi wa December ndi January, nthawi yomweyo imene khasu lili pa kupalira ndi kubandira, nthawi imene m'nyumba zambiri ufa wachepa ndipo anthu ali pa ganyu. Ndinamfunsanso kuti, "Nanga mudzi wonse ukaganiza monga mwaganizira inu, deliya wa mitolo 150 pa banja liri lonse adzapezeka kuti?" Iye anaseka nati, "Apo ndiye mwandigwira, Alangizi." Kuno ku Chiradzulu minda ndi yaing'ono ndipo anthu ndife ochuluka, tchire la m'mbali mwa mseu likuoneka lambiri lero chifukwa palibe amene akulidula.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo ndichiyesa chachikulu kuposa mitolo ija. Nandolo, mtedza, soya, nyemba, ombwe ndi gilisidiya zili ndi timatuza m'mizu yache, m'mene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totenga naitirojeni mumpweya ndi kumuika m'nthaka. Mbeu zimenezi zimabweretsa chakudya chatsopano m'munda. Deliya alibe mphatso imeneyi. Iye ndi wotolera chabe: mizu yache ndi yakhama, imasonkhanitsa chakudya chimene chinalimo kale m'nthaka imene wamerapo, nichikweza m'masamba. Chifukwa chache amanenepa kwambiri m'ngalande za mseu ndi m'munsi mwa minda, kumene madzi a mvula amatula dothi labwino lokokoloka m'minda yathu yomwe. Mukamdula kumeneko ndi kumtengera kudimba kwanu, mwabweza chuma chimene chinathawa. Koma mukambzala m'kati mwa munda wanu kuti adyetse munda womwewo, muli ngati mai wotapa ufa m'dengu lina ndi kuthira m'dengu lina m'nyumba imodzimodziyo, nayesa kuti ufa wachuluka. Ndiponso malo amene mudulapo chaka ndi chaka osabwezerapo kanthu adzayamba kutopa, ndipo masamba ache adzachepa mphamvu.

Tsono munda wa chimanga usiyireni nandolo wache, manyowa a m'khola, mapesi okwirira, ndi feteleza amene mungakwanitse kugula ngakhale achepe. Deliya mupite naye kumene mtolo umodzi uoneka nchito yache.

Malo amenewo ndi dimba. Mwezi uno ndi wamawa ambiri mukukonza mabedi a matimati, repu, tanaposi, kabichi ndi anyezi, ndipo ndiwo zamasamba zimafuna chakudya chofulumira, chimene deliya ali nacho. Muyeso wache ndi wosabvuta kukumbukira: bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali lifuna makilogalamu 25 kapena 30 a masamba awisi, ndiwo mtolo umodzi wabwino. Munthu wa mabedi khumi afuna mitolo khumi, nchito ya masiku awiri kapena atatu m'mawa dzuwa lisanakwere. Imeneyo ndi nchito yotheka, ndipo ndalama ya matimati ndi repu pa msika imabweza thukuta lache.

Kadulidwe kache nkotere. Sankhani deliya wanthete, wobiriwira, amene sanachite maluwa, pakuti chitsamba chikayamba maluwa chimasamutsa chakudya kuchoka m'masamba kupita ku njere. Nyengo ino wambiri ali ndi maluwa, koma m'mphepete mwa mitsinje ndi pamene anthu anatchetcha kale mudzapeza mphukira zabwino. Ndipo mukadula tchire lokalamba m'munsi ndi chikwanje lero, pamalo pachinyezi lidzaphukanso, ndipo mudzadula zanthete ndiwo zanu zikali m'dimba. Tengani masamba ndi nsonga zofewa zokha, zimene zithyoka ndi chala. Mitengo yokhwima ija siola msanga ndipo iitana chiswe. Iumitseni ikhale yosonkhera moto kapena yoimikira matimati, koma iume ndithu poyamba, chifukwa mtengo wauwisi wa deliya ukangolasa pansi ponyowa umamera. Masambawo muwaduledule, muwamwaze pa bedi, muwakwirire ndi khasu mosazamitsa, kuya kwa chikhato chimodzi, ndipo muthirire. Dikirani mlungu umodzi musanaokere mbande. Mukaokera tsiku lomwelo, kutentha kwa masamba oola kungathe kupsereza mizu yanthete.

Musawasiye masamba padzuwa pamwamba pa bedi masiku ambiri poyesa kuti ndi chimodzimodzi. Kuphimbira kuli ndi ubwino wache posunga chinyezi, koma chakudya chimafika msanga ku mizu ngati masamba alowa m'dothi.

Paja ndanena kuti fosifolasi ndi wochepa mwa deliya. Apa ife a ku Mikolongwe tili ndi mwai, pakuti dzina la malo athu lidziwika m'dziko lonse chifukwa cha nkhuku zakuda zija, za mtundu wa Black Australorp, zimene anthu amangoti nkhuku za Mikolongwe. Zitosi za nkhuku zili ndi fosifolasi wambiri kuposa ndowe za ng'ombe, ndipo ndimamva chisoni ndikaona mai akusesa m'khola la nkhuku ndi kukataya kudzala. Sonkhanitsani zitosizo pamthunzi pouma, ziole bwino, ndipo pa bedi liri lonse la mamita 10 muthirepo ndowa imodzi pamodzi ndi mtolo wa deliya uja. Chimene chisowa mwa wina chipezeka mwa mnzache. Amene muli ndi ng'ombe za mkaka m'khola chitani chimodzimodzi ndi ndowe zoola. Ndipo pomanga nkhuti ya kompositi, muyalo wa masamba a deliya pakati pa mapesi ndi udzu wouma uthandiza nkhutiyo kutentha ndi kupsa msanga.

Ena amakonda manyowa a madzi. Amadzaza theka la mgolo ndi masamba oduladula, nathira madzi mpaka kudzaza, nabvundikira, namatakasa ndi mtengo masiku ena. Pakutha milungu iwiri madziwo ada ndipo anunkha kwambiri, kotero musaike mgolowo pafupi ndi khonde la apongozi. Musathire madzi amenewa okhaokha ai. Sakanizani chitini chimodzi ndi zitini ziwiri za madzi abwino, ndipo muthire pansi m'mbali mwa mbeu, osati pa masamba odyedwa. Njira imeneyi ndi yabwino pobereketsa mbeu zimene zili kale m'bedi, koma musayese kuti mgolo uonjezera mphamvu. Chimene chituluka ndi chomwe chinalowa ndi masamba aja.

Nchito yachiwiri ya deliya ichokera ku kuwawa kwache. Ali yense amene anadulapo deliya nagwira pakamwa asanasambe m'manja adziwa chimene ndikunena. Kuwawa kumeneku tizilombo tina sitikukonda. Ofufuza anayesa pamodzi ndi alimi a nyemba ku Tanzania ndi kuno ku Malawi, ndipo zimene analemba mu 2017 zinaonetsa kuti madzi a masamba a deliya, monganso a ombwe, amachepetsa nsabwe ndi tizilombo tina todya masamba a nyemba, ndipo saononga kwambiri akangaude ndi tizilombo tina tabwino timene timadya nsabwezo. Kakonzedwe kache ndi aka: yanikani masamba pamthunzi, osati padzuwa, mpaka aume, asinjeni akhale ufa, thirani kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi pamodzi ndi kachidutswa ka sopo wosungunula, zikhale usiku wonse, m'mawa musefe ndi nsalu kuti zisatseke mpope. Popera dikirani madzulo dzuwa litapepa, pakuti dzuwa limapha mphamvu ya mankhwala otere, ndiponso madzulo njuchi zapita. Sopoyo ndiye athandiza madzi kukangamira pa tsamba. Mubwereze mlungu uli wonse, ndipo muyambe nsabwe zikali zochepa.

Pano ndichenjeze. Mankhwala amenewa achepetsa tizilombo, satha tonse monga achitira a m'botolo, ndipo munthu wodikira mpaka nyemba zitadetsedwa ndi nsabwe adzakhumudwa. Mtondo wosinjira masambawo usakhale wa chimanga. Anthu ena khungu lao limayabwa akagwira deliya nthawi yaitali, tsono bvalani malaya a manja aatali ndipo musambe mukatha. Ndiwo zimene mwapopera musathyole tsiku lomwelo. Papite masiku angapo, ndipo muzitsuke bwino, chifukwa kuwawa kuja kukalowa mumphika bambo a kunyumba adzafunsa mafunso.

Za ziweto sindinena zambiri. Mbuzi zimadya masamba a deliya, makamaka atafota pang'ono, ndipo ali ndi chakudya chomanga thupi. Muzipatse pang'ono posakaniza ndi udzu ndi masamba ena, osati deliya yekha.

Tsopano tibwerere ku njere zija. Chaka changa choyamba pa nchito ino ndinafuna kuonetsa alimi a kalabu ina ubwino wa deliya, ndipo pofulumira ndinauza anyamata kuti adule ali yense amene ampeze. Anabwera ndi mitolo yosakaniza, masamba pamodzi ndi mitu youma ya maluwa, ndipo ine osayang'anitsa tinakwirira zonse. Repu anakula bwino ndithu, anthu nayamika. Koma mvula itagwa, dimba lonse linamera deliya ngati nazale, ndipo mwini dimbalo, gogo wina wachikazi, anandiitanitsa. Sanakalipe ai. Anangondipatsa khasu nati, "Mwana wanga, alendo ako aja abwera, dzawalandire." Ndinazula masiku awiri, ndipo chaka chotsatira ena anameranso.

Chitsamba chimodzi chachikulu chimabala njere zikwi zambiri, zopepuka, zoyenda ndi mphepo ndi madzi. Pamene deliya wakhazikika amachita mthunzi wothithikana, udzu wa ziweto ndi wofolera nyumba numalephera kumera pansi pache, ndi timitengo tachilengedwe tomwe. Ku South Africa lamulo limamuwerengera pamodzi ndi zomera zolanda malo, zimene mwini malo ayenera kuzichotsa, ndipo kumbzala nkoletsedwa. Kuno kwathu, kumene msipu uli wochepa kale, sitiyenera kumthandiza kufalikira. Chifukwa chache ine sindilangiza munthu kubzala deliya watsopano pamene palibe. Amene alipo kale ndi wokwanira, ndipo kumdula kawirikawiri asanachite maluwa ndiko kumgwiritsa nchito ndi kumletsa kufalikira nthawi imodzi. Ngati muli naye kale m'malire a munda ngati mpanda, musamlole kutalika kupitirira m'chiuno, pakuti mthunzi wache ndi mizu yache zidzalanda mizere iwiri kapena itatu ya chimanga yoyandikana naye. Ndipo amene mufuna chomera chogwira nthaka pa mgula, bzalani vetiva, amene sayendayenda.

Inu amene minda yanu ili pafupi ndi tchire limene lachita maluwa tsopano, musadikire kuti mitu iume. Itchetcheni mlungu uno maluwa akali achikasu, muiunjike pamalo amodzi kutali ndi dimba ndi mtsinje, ndipo ikauma muitenthe pamenepo mosamala. M'nkhuti ya kompositi musaikemo mitu yokhwima, chifukwa nkhuti zathu zambiri sizitentha kokwanira kupha njere. Kunena za deliya wa m'malire, kambiranani ndi mnansi wanu musanadule, ndipo wa m'malo a mudzi mufunse kwa a mfumu, kuti chinthu chimene dzulo chinali tchire chisasanduke mlandu lero poti chapezeka ndi nchito.

Bambo uja tinapangana kuti ayese mabedi anai a matimati: awiri athire deliya ndi zitosi za nkhuku, awiri alime monga achitira masiku onse, ndipo awerenge mabeseni amene adzathyola mbali iri yonse. Ndalama ya matimatiyo aisunge, ikathandize kugula thumba la munda wa chimanga mvula isanagwe. Nanunso yesani chomwecho pa mabedi anu, ndipo mudzauze mlangizi wa kwanu zimene mwaona, zabwino ndi zoipa zomwe.

Mlungu wamawa tidzakamba za kasungidwe ka nandolo ndi nyemba kuti anankafumbwe asalowe.